Kafukufuku wa mankhwala wofikira anthu kunyumba: m'mene uthenga ndi katundu ziyendera

Kafukufuku woyesa mankhwala ndiyo njira imene akatswiri a zaumoyo amadziwira ngati mankhwala atsopano, katemera kapena cithandizo ca mtundu wina cigwiradi nchito, ndiponso ngati sicibvulaza anthu. Kwa zaka zambiri, munthu wobvomera kulowa m'kafukufuku wotere anali kupita ku cipatala cacikulu mobwerezabwereza kukapimidwa, kukatengedwa magazi ndi kukalandira mankhwala. Masiku ano pali mtundu wina wa kafukufuku umene nchito zina, kapena zonse, zicitikira kunja kwa cipatala coyang'anira kafukufukuyo: kunyumba kwa munthu, pa kiliniki yapafupi, kapena pa lamya. M'Cingerezi kafukufuku wotere achedwa decentralised clinical trial.

Njira imeneyi ipeputsa wodwala, koma ilemetsa anthu oyendetsa kafukufuku. Zinthu zimene kale zinali kucitikira m'nyumba imodzi tsopano zimwazikana m'malo ambiri. Mankhwala ayenera kufika kwa munthu woyenera, pa tsiku loyenera, asanaonongeke ndi kutentha. Magazi ayenera kufika ku labotale akali bwino. Ngati wina wayamba kudwala atamwa mankhwala, uthenga uyenera kufika kwa dotolo mwamsanga. Cimodzi mwa izi cikalakwika, moyo wa munthu ukhala pangozi, ndipo zotulukapo za kafukufuku yense zikhoza kukhala zabodza.

Cifukwa cake njirayi inayamba

Anthu ambiri amene akanafuna kulowa m'kafukufuku amalephera kamba ka mtunda, ndalama zoyendera ndi nthawi. Mlimi sangasiye munda wake pa nthawi yolima kuti akakhale tsiku lathunthu pa mzere. Mayi wogulitsa pa msika akatseka malonda ake, banja ligona ndi njala. Motero kafukufuku wocitikira m'zipatala zazikulu zokha amakhala ndi anthu a m'tauni okhala pafupi, pamene mankhwalawo akabvomerezedwa adzamwedwa ndi aliyense, kuphatikizapo okalamba, olumala ndi a kumidzi.

Pali kafukufuku amene zonse zicitikira kutali, ndipo wotengako mbali saonana maso ndi maso ndi ofufuza. Koma wofala kwambiri ndi wosakaniza: munthu apita kucipatala pa zinthu zofuna makina akuluakulu, pamene zina monga kulandira mankhwala, kuyankha mafunso ndi kupimidwa kuthamanga kwa magazi zicitikira kwao.

Mbiri yake mwacidule

Mu 2011, kampani ya Pfizer inayamba kafukufuku wochedwa REMOTE m'dziko la America, pa akazi amene anali ndi bvuto lolephera kusunga mkodzo. Kulembetsa, kubvomera ndi kuyankha mafunso zinali kucitikira pa intaneti, ndipo mankhwala anali kutumizidwa kunyumba. Anthu oposa 5,000 analembetsa maina ao, koma amene anafika poyamba kuyesedwa mankhwala anali 18 cabe, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa. Akatswiri anaphunzirapo kuti makina paokha sakwanira ngati njira yolowera ndi yaitali ndipo palibe munthu wolankhula naye.

Zinthu zinasintha mu 2020 pamene mliri wa COVID-19 unatseka maulendo ndi kudzaza zipatala. Mabungwe oyang'anira mankhwala analola kuti ofufuza azilankhula ndi odwala pa lamya ndi kuwatumizira mankhwala kunyumba. M'caka comweco, sukulu yapamwamba ya University of Minnesota inayesa mankhwala a hydroxychloroquine pa anthu 821 a ku America ndi Canada amene anali atakhala pafupi ndi wodwala COVID-19. Mankhwala anali kutumizidwa usiku kuti afike tsiku lotsatira, ndipo zinapezeka kuti sachinjiriza matendawo.

Ku Britain, sukulu ya University of Oxford inayamba kafukufuku wa PANORAMIC mu Disembala 2021. Anthu oposa 25,000 analowa m'gawo loyesa mankhwala a molnupiravir ali kunyumba kwao. Munthu anayenera kulowa pasanathe masiku 5 ciyambire kumva zizindikiro, cotero mankhwala anali kutumizidwa mofulumira. Aliyense anali kulemba m'mene anali kumvera tsiku ndi tsiku kwa masiku 28, ndipo osayankha anali kuimbiridwa lamya. Zotulukapo zinaonetsa kuti pakati pa anthu amene ambiri anali atalandira katemera, mankhwalawo sanacepetse ciwerengero ca ogonekedwa m'cipatala kapena omwalira, ngakhale kuti anafulumizitsa kucira.

Pambuyo pake malamulo anatsatira. Maiko a m'bungwe la European Union anatulutsa malangizo ao mu Disembala 2022, ndipo bungwe la FDA la ku America linatsiriza ake mu Seputembala 2024. Mu Januwale 2025, malamulo a padziko lonse a kayendetsedwe kabwino ka kafukufuku, ochedwa ICH E6, anakonzedwanso kuti agwirizane ndi njira zatsopano zotere. Mfundo yaikulu m'malangizo onsewa ndi imodzi: nchito ingagawidwe kwa anthu ambiri, koma udindo sucoka pa dotolo wotsogolera kafukufuku ndi bungwe limene lauyambitsa.

Ndani auza ndani

M'kafukufuku wofikira anthu kunyumba mukhala magulu ambiri: bungwe loyambitsa ndi kulipira kafukufuku, dotolo wotsogolera, anamwino oyendera makomo, wosunga ndi kugawa mankhwala, onyamula katundu, a ku labotale, osunga zolembedwa, ndi komiti yoteteza ufulu wa otengako mbali. Ambiri mwa iwo sakumana tsiku ndi tsiku. Ndiye cifukwa cake nchito isanayambe pakhala buku lofotokoza nchito ya aliyense, munthu amene ayenera kumuuza pakacitika kanthu, ndi nthawi imene uthengawo uyenera kufika.

Uthenga woyamba ndi wopempha cilolezo. Munthu ayenera kuuzidwa colinga ca kafukufuku, zimene adzacitidwa, ngozi zimene zingakhalepo, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana kapena kucoka nthawi ina iliyonse popanda kutaya cithandizo cake ca kucipatala. Ayeneranso kumvetsa kuti gulu limene adzakhalemo lisankhidwa mwa maere, ndipo nthawi zina iye ngakhale dotolo sadziwa ngati walandira mankhwala enieni kapena mapilisi ongofanana nao. Kufotokoza izi pa lamya ndi kobvuta kuposa pamaso, popeza wofufuza saona nkhope ya munthu amene wasokonezeka. M'Zambia, kumene wailesi ya boma iulutsa m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cilunda, Cikaonde ndi Ciluvale kuonjezera pa Cingerezi, mapepala a cilolezo ayenera kumasuliridwa m'cilankhulo ca derali. Wosadziwa kulemba adinda cala pali mboni yosakhala m'gulu la ofufuza.

Uthenga waciwiri, umene uli wofunika koposa, ndi wa kudwala. M'cipatala namwino aona yekha munthu akatupa nkhope kapena akabanika. Kunyumba zidalira munthuyo kapena acibale ake kunena. Cotero wotengako mbali apatsidwa nambala yoimba usana ndi usiku, ndipo auzidwa cipatala cothamangirako. Lamulo la kafukufuku ndi lakuti bvuto lalikulu, monga kugonekedwa m'cipatala kapena imfa, liuzidwe kwa bungwe loyambitsa kafukufuku mwamsanga, kawirikawiri pasanathe maola 24 ofufuza atadziwa. Kumene netiweki ibvuta, kapena kumene banja lonse ligwiritsa nchito foni imodzi, ofufuza amalemba nambala ya wacibale wina ndi kujambula njira yofikira pakhomo, cifukwa nyumba zambiri za m'makomboni ndi m'midzi zilibe manambala.

Uthenga wacitatu ndi wopita kwa anthu a m'dera. Galimoto yacilendo ikaima pakhomo, kenako n'kucoka ndi timabotolo ta magazi, aneba amaona ndipo amalankhula. M'Zambia muno ofufuza akumanapo ndi mphekesera zakuti magazi atengedwera zausatana kapena kukagulitsidwa. Nkhani ya kafukufuku wa mankhwala opaka ochedwa PRO 2000 ku Mazabuka, amene zotulukapo zake mu Disembala 2009 zinaonetsa kuti sachinjiriza akazi ku kacilombo ka HIV, inautsa mkangano waukulu m'manyuzipepala. Izi zionetsa kuti anthu ayenera kuuzidwa kucokera paciyambi kuti kafukufuku akhoza kupeza kuti mankhwala sagwira nchito. Ndiye cifukwa cake ofufuza amayamba aonana ndi mafumu, anyakwawa, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a zaumoyo a m'dera, ndi kukhazikitsa komiti ya anthu wamba yowalangiza.

Ulendo wa mankhwala

Mankhwala a kafukufuku sali ngati katundu wamba. Paketi iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo iyenera kudziwika kumene ili kucokera pa tsiku limene yafika m'dziko mpaka pamene yatha kapena yaonongedwa. Kompyuta ndiyo isankha nambala ya paketi yopita kwa munthu. Wogawa mankhwala aikonza, wonyamula asaina poitenga, ndipo wolandira asainanso. Paketi siisiyidwa kwa mwana kapena kwa neba. Ikafika, namwino aimba lamya kapena afika yekha kukatsimikiza kuti nambala ndi yomweyo ndiponso kuti munthu wamvetsa kamwedwe kake. Mapilisi otsala ndi mabotolo opanda kanthu abwezedwa kuti awerengedwe, popeza ndiwo umboni wakuti mankhwala anamwedwa monga mwa malangizo.

Kutentha ndiye mdani wamkulu. Makatemera ambiri ndi mankhwala ena obaya ayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Amanyamulidwa m'mabokosi ozizira okhala ndi kacipangizo kolemba kutentha ulendo wonse. Kacipangizoko kakaonetsa kuti malire anapyoledwa, mankhwalawo aikidwa pambali ndipo saperekedwa kufikira bungwe lowapanga litagamula. M'mwezi wa Okutobala, m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi, bokosi losiyidwa padzuwa kwa kanthawi lingathe kutayitsa katundu yense.

Magetsi ndi misewu nazo zilowa m'mapulani. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi m'damu la Kariba, madera ambiri a m'Zambia anali kukhala opanda magetsi kwa maola ambiri pa tsiku. Malo osungira mankhwala afunika jenereta kapena magetsi a dzuwa, ndipo sikoyenera kuyembekezera kuti firiji ya pakhomo pa munthu isunga mankhwala bwino. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mitsinje idzaza ndipo misewu ina ya kumidzi iduka. Ofufuza anzeru amapereka mankhwala okwanira mvula isanakule, kapena amakonza njinga zamoto ndi mabwato.

Ulendo wa magazi ndi zopima zina

Ulendo wobwerera ndi wobvuta cimodzimodzi. Magazi otengedwa kunyumba ali ndi maola owerengeka kuti afike ku labotale kumene madzi ake apatulidwa ndi kuumitsidwa m'mafiriji ozizira kwambiri. Namwino alemba nthawi imene wawatenga, ndipo a ku labotale alemba nthawi imene awalandira. Pa kabotolo sipalembedwa dzina koma nambala, kawirikawiri ya mizere yowerengedwa ndi makina, kuti magazi a anthu awiri asasinthane. Makomo oyendera pa tsiku asankhidwa molingana ndi mtunda, kuti magazi a munthu woyamba asaonongeke poyembekezera womaliza.

Njira ina yothandiza ndiyo kudontheza magazi pa kapepala kapadera n'kuwaumitsa. Kapepalako kayenda masiku angapo popanda firiji. Ndiyo njira imene yagwiritsidwa nchito m'Zambia popima HIV mwa makanda, kumene magazi atengedwa pa cidendene. Komabe si zopima zonse zimene zitheka ndi magazi ouma.

Zotulukapo nazo ziyenera kubwerera kwa mwini wake. Mu 2010, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi UNICEF ndi mabungwe ena unayamba nchito yochedwa Project Mwana, yotumiza zotulukapo za makanda kucokera ku labotale kupita ku makiliniki kudzera pa mauthenga a pa foni. M'makiliniki a m'cigawo ca Kum'mwera kumene anayesa njirayi, nthawi yoyembekezera inatsika kucoka pa masiku oposa 40 kufika pa masiku osakwana 30. Iyi sinali nchito yoyesa mankhwala, koma inaonetsa kuti foni wamba ingafupikitse ulendo umene pepala linali kucedwa nao pamsewu.

Kudalira wotengako mbali kuti abweze yekha zipangizo kuli ndi malire ake. M'kafukufuku wa Apple Heart Study ku America, wa mu 2017 ndi 2018, anthu oposa 419,000 anabvala mawochi oona kagundidwe ka mtima. Anthu 2,161 analandira cenjezo lakuti mtima wao sugunda bwino, koma amene anafika pobvala ndi kubweza kacipangizo kotsimikizira, kokhala ndi zolembedwa zowerengeka, anali 450 cabe. Pa sitepe iliyonse imene munthu asiyidwa yekha, ena amatsalira m'njira.

Zolembedwa ndi cinsinsi

Anamwino oyendera makomo amalemba mayankho pa matabuleti kapena mafoni amene asunga zolembedwa ngakhale kulibe netiweki, n'kuzitumiza akafika pamene ipezeka. Makinawo alemba amene wasintha kanthu ndi nthawi imene wasinthira, kuti pasakhale cinyengo. Oyang'anira amaona zolembedwazo ali kutali, ndipo akaona kuti namwino wina alemba zosiyana kwambiri ndi anzake, amafufuza. Makina opimira kuthamanga kwa magazi ndi masikelo ayenera kukhala a mtundu umodzi ndi kuyesedwa kawirikawiri, apo ayi kusiyana kwa makina kudzaoneka ngati kusiyana kwa mankhwala.

Kusunga cinsinsi pakhomo ndi kobvuta kuposa m'cipinda ca dotolo. Uthenga wa pa foni ukhoza kuwerengedwa ndi mwamuna, mkazi kapena mwana. Motero mauthenga sachula dzina la matenda, mapaketi sakhala ndi zolembedwa zoulula za mkati, ndipo munthu afunsidwa yekha malo ndi nthawi imene afuna kuonana ndi namwino. M'Zambia, lamulo la Data Protection Act la mu 2021 liika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofuna citetezo capadera.

Citsanzo ca kuno kwathu: PopART

Kafukufuku wa HPTN 071, wodziwika ndi dzina lakuti PopART, anacitika kuyambira 2013 mpaka 2018 m'madera 21, mwa iwo 12 a m'Zambia ndi 9 a ku South Africa, okhala ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni. M'Zambia anayendetsedwa ndi bungwe la Zambart m'makomboni a ku Lusaka, Kitwe, Ndola, Kabwe, Choma ndi Livingstone, mogwirizana ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi Imperial College London. M'kafukufukuyu maere anagwera madera athunthu, osati munthu mmodzimmodzi, koma nchito yake yaikulu inacitikira pamakomo, cotero aphunzitsa zambiri za njira imeneyi.

Madera anagawidwa patatu. M'gulu loyamba, alangizi a zaumoyo ochedwa CHiPs anali kuyenda khomo ndi khomo caka ciliconse kupima HIV, ndipo wopezeka ndi kacilombo anali kuyamba ma ARV nthawi yomweyo. M'gulu laciwiri alangizi anayenderanso makomo, koma ma ARV anali kuyambidwa motsatira malamulo a dziko a nthawi imeneyo. Gulu lacitatu linapitiriza ndi cithandizo ca masiku onse. Alangiziwo anali kulemba zonse pa zipangizo za m'manja, kutumiza anthu ku kiliniki ndi kubwereranso kukaona ngati anapitadi. Amuna ambiri sanali kupezeka pakhomo masana, cotero nthawi zoyendera zinafunika kusinthidwa kuti awapeze.

Pofuna kudziwa ngati nchitoyi inathandiza, gulu lina la ofufuza linatsatira anthu oposa 48,000 a zaka za pakati pa 18 ndi 44, amene anali kutengedwa magazi caka ndi caka kwa zaka zitatu. Magaziwo anali kupimidwa m'malabotale a m'maiko awiriwa, ndipo ena anatumizidwa ku labotale ya Johns Hopkins University ku Baltimore kukatsimikizidwa. Mu 2016 malamulo a dziko anasintha kuti aliyense wopezeka ndi HIV aziyamba mankhwala, ndipo uthenga watsopanowu unayenera kufika kwa alangizi, makiliniki ndi anthu a m'madera onse kafukufuku ali mkati.

Zotulukapo, zimene zinalengezedwa mu 2019, zinaonetsa kuti anthu otenga kacilombo kwatsopano anacepa ndi 30 peresenti m'gulu laciwiri poyerekeza ndi lacitatu, ndi 7 peresenti cabe m'gulu loyamba. Magulu awiri oyenderedwa pamakomo ataphatikizidwa, kucepako kunali pafupifupi 20 peresenti. Kafukufuku wina waung'ono m'madera awiri a mu Lusaka anapezanso kuti anthu olandira ma ARV kunyumba kapena m'timagulu ta m'dera anali kugonjetsa kacilombo m'thupi mofanana ndi okalandira ku kiliniki.

Amene ayang'anira kafukufuku m'Zambia

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kubvomerezedwa asanayambe. Komiti yoteteza ufulu wa otengako mbali, monga ya pa University of Zambia, iunika ndondomeko yonse. Bungwe la National Health Research Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, lipereka cilolezo ca boma ndi kuyang'anira kutumiza magazi ndi zopima zina kunja kwa dziko. Bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, kapena kuti ZAMRA, ndilo liloleza kuyesa mankhwala ndi kuwalowetsa m'dziko. Kusamutsira nchito kunyumba sikucotsa ngakhale limodzi mwa malamulo amenewa.

Ubwino ndi malire ake

Njirayi icepetsa maulendo, ifikira anthu akutali, ndipo ithandiza kuti otengako mbali asalekere panjira. Koma siyenerera kafukufuku aliyense. Mankhwala oyesedwa pa anthu koyamba, kapena amene angathe kubweretsa bvuto ladzidzidzi, ayenera kuperekedwa m'cipatala. Ndiponso kafukufuku wodalira mafoni amakono ndi intaneti angathe kusiya kunja osauka, okalamba ndi a kumidzi, amene ndiwo njirayi inafuna kuwafikira. Ndiye cifukwa cake m'maiko onga Zambia mphamvu yake yagona pa alangizi a zaumoyo a m'dera, makiliniki ang'onoang'ono ndi foni wamba.

Munthu wopemphedwa kulowa m'kafukufuku wotere ali ndi ufulu wofunsa dzina la dotolo wotsogolera, bungwe limene labvomereza kafukufukuyo, nambala yoimba akadwala usiku, kumene magazi ake apita, amene adzalipira akabvulala kamba ka mankhwala, ndi m'mene adzamvera zotulukapo. Ayeneranso kupatsidwa pepala lake la cilolezo kuti asunge kunyumba. Ngati mayankho sanamukhutiritse, akhoza kukana, ndipo cithandizo cake ca ku kiliniki cipitirira monga mwa masiku onse.